NKHONDO YA CIWAYA: MBIRI YA GULU LA VON LETTOW-VORBECK

M'dziko la Chadiza, kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala, simunamveke kulira kwa mzinga wa Ajeremani ngakhale tsiku limodzi. Malo amene asilikari anakomana ndi kuphana pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 anali kutari, ulendo wa masabata ambiri pansi. Komabe nkhondoyo inafika m'midzi ya kumeneko, nilowa pakhomo pa mfumu ndi pa mkazi wamasiye pomwe. Masiku amenewo dera lonselo linali kulamulidwa ndi boma la Fort Jameson, mzinda umene lero uchedwa Chipata. Kucokera ku bomako amesenjala anali kuyenda mudzi ndi mudzi kufuna amuna amphamvu, ena kuti akabvale zausilikari, koma ambiri kuti akasenze katundu wa nkhondo pamutu. Anthu olankhula Cinyanja anaicha nkhondoyo dzina lakuti Ciwaya, potsata mfuti ya ciwaya imene ilabvula zipolopolo zambiri m'kamphindi.

Cimene cinacotsa amuna onsewo pa makasu ao cinali gulu limodzi laling'ono la nkhondo, limene Ajeremani anali kulicha Schutztruppe, ndiko kunena kuti gulu lochinjiriza. Mtsogoleri wace anali Paul von Lettow-Vorbeck. Ku Ulaya ambiri anasimba mbiri ya gululi monga nthano ya ngwazi zosagonja. Koma mtengo wa mbiriyo unalipidwa ndi anthu a m'midzi ya Afrika, ndipo cifukwa cace iyenera kusimbidwa yonse, mbali yowala ndi mbali yamdima yomwe.

Ciyambi ca gululo

Dziko limene lero lichedwa Tanzania, pamodzi ndi Rwanda ndi Burundi, linali m'manja mwa Ajeremani. M'caka ca 1888 anthu a m'mbali mwa nyanja yamcere anawaukira, ndipo boma la Jeremani linatuma Hermann von Wissmann kuti akathetse cipanduco. Iye analemba asilikari aganyu a ku Sudan ndi Ashangani a ku Mozambique, nawaika pansi pa akapitao acizungu. M'caka ca 1891 gulu limeneli linakhala gulu la mfumu ya Jeremani, ndipo pang'ono-pang'ono linayamba kulemba ana a dziko lomwelo.

Poyamba silinapeze njira yosalala. Mwezi wa Ogasiti 1891 Ahehe a mfumu Mkwawa analalira gululo pa Lugalo, naliononga ndi mikondo, napha mtsogoleri wace Emil von Zelewski. Ajeremani anabwezera mwa kuphwanya linga la Kalenga m'caka ca 1894, nasaka Mkwawa zaka zinai, kufikira iye anadziombera yekha m'caka ca 1898 posafuna kugwidwa wamoyo. Mutu wace anaudula nautumiza ku Jeremani, ndipo cigaza cace cinabwezedwa kwa Ahehe m'caka ca 1954.

Dzina loopsya la gululi linakula makamaka pa nkhondo ya Maji Maji, kuyambira 1905 kufikira 1907. Mitundu yambiri ya kumwera kwa dzikolo inatopa ndi msonkho ndi kulima thonje mokakamizidwa, ndipo mlauli wina, Kinjikitile, anagawa madzi amene anati adzasandutsa zipolopolo kukhala madzi. Pa Mahenge anthu anathamangira ziwaya ali ndi mikondo m'manja, nagwa ngati mapira pa nthawi yokolola. Ajeremani ataona kuti opandukawo abalalikira m'chire, anatentha midzi, minda ndi nkhokwe, kuti njala iwagwirire nchito. Angoni a ku Songea, amene makolo ao ena anaoloka Zambezi pamodzi ndi makolo a Angoni a Mpezeni, analowa nao m'nkhondoyo, ndipo mwezi wa Febuluwale 1906 mafumu ndi nduna zao zambiri anapacikidwa pa Songea. Boma la Jeremani linawerenga akufa 75,000. Ophunzira mbiri a masiku ano anena kuti mwina anafika 300,000. Umu ndimo gululi linaphunzirira kumenya nkhondo ya m'chire, ndi kudya za eni dziko poyenda.

Mtsogoleri ndi colinga cace

Von Lettow-Vorbeck anabadwa m'caka ca 1870. Asanafike ku Afrika wa Kum'mawa anamenya nkhondo ku China, ndiponso ku Namibia, kumene Ajeremani anapulula Aherero ndi Anama kuyambira 1904. Kumeneko iye analasidwa m'diso. Anafika ku Dar es Salaam mwezi wa Januwale 1914, napeza Azungu ngati 260 ndi asilikari akuda ngati 2,500, ambiri a iwo ali ndi mfuti zakale zoturutsa utsi wambiri umene uulula pamene munthu wabisala.

Nkhondo itabuka ku Ulaya mwezi wa Ogasiti 1914, Bwanamkubwa Heinrich Schnee anafuna kuti dziko lace lisalowemo. Von Lettow anaganiza mwina. Iye anadziwa kuti sangathe kugonjetsa Angelezi, amene anali kumzinga kumpoto, kumwera ndi panyanja. Nzeru yace inali yakuti awapute kosalekeza, kuti atumize ku Afrika asilikari, zombo ndi ndarama zimene zikadapita ku nkhondo ya ku Ulaya. Motero dziko ndi anthu ace sanali cinthu coti iye acichinjirize ai, koma nyambo ya pa mbedza. Munthu akamvetsa mfundo imeneyi, amvetsa ulendo wonse wa zaka zinai umene unatsata.

Nkhondo pa malire

Mfuti zoyamba za kumwera zinalira pa nyanja ya Nyasa. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi, Guendolen, yoyendetsedwa ndi Kaputeni Rhoades, inapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda pa Sphinxhaven, pamene lero pachedwa Liuli, niiombera ndi kuipundula. Kanthu kameneka kanaoneka kakang'ono, koma kanapatsa Angelezi nyanja yonse kuti ikhale mseu wao wa katundu kufikira kutha kwa nkhondo.

Kumayambiriro kwa Sepitembala Ajeremani anaukira Abercorn, umene lero uchedwa Mbala. Apolisi owerengeka anadzitsekera m'ndende ya bomalo nalimbika, kufikira anzao a Northern Rhodesia Police anafika ndi liwiro kucokera ku Kasama. Pa 9 Sepitembala gulu lina, lotsogozedwa ndi Kaputeni von Langenn-Steinkeller, linafika pa Karonga. Gulu lalikuru la Nyasaland, la Kaputeni Barton, linali litapita kumpoto kukafuna adaniwo, ndipo magulu awiriwo anapitirirana m'chire osaonana. Otsala pa Karonga anali ocepa, koma anagwira malo ao kufikira Barton anabwerera, ndipo madzulo ace Ajeremani anathyoledwa pa Kasoa, nasiya mizinga yao. M'caka ca 1915 anayesanso pa Saisi, kum'mawa kwa Abercorn, kumene anazinga apolisi a Northern Rhodesia ndi asilikari a ku Congo masiku ambiri. Ozingidwawo anasauka ndi ludzu, namatunga madzi usiku pansi pa zipolopolo, koma sanagonje.

Kumpoto zinthu zinayenda mosiyana. Kumayambiriro kwa Novembala 1914 Angelezi anatsitsa asilikari ngati 8,000 pa doko la Tanga, ambiri a iwo Amwenye amene anafoka ndi ulendo wa panyanja. Mkuru wao, Kazembe Aitken, anacedwa kutsika, napatsa von Lettow nthawi yobweretsa anthu ace pa njanji kucokera ku phiri la Kilimanjaro. Ajeremani anali ngati 1,000 okha, koma anabisala m'minda ndi m'nyumba, ndipo pakati pa nkhondoyo njuci zinatuluka m'ming'oma yobooledwa ndi zipolopolo, niziluma mbali zonse ziwiri. Angelezi anathawira m'zombo zao atataya anthu oposa 800, akufa ndi olasidwa, nasiya pa gombe mfuti mazana-mazana, ziwaya ndi zipolopolo zoposa theka la miliyoni. Kuyambira tsiku limenelo asilikari akuda anakhulupirira mtsogoleri wao, ndipo ambiri analembetsa, kotero kuti pofika 1916 gululo linali ndi Azungu ngati 3,000 ndi akuda oposa 11,000.

Koma mwezi wa Januwale 1915, pa Jassin, von Lettow anapambana atataya akapitao ambiri amene sakadatha kupeza ena olowa m'malo mwao. Pamenepo anatsimikiza kupewa nkhondo zazikuru, nayamba kutuma timagulu tating'ono kukaphulitsa njanji ya ku Uganda.

Kamenyedwe kao

Mphamvu ya Schutztruppe inali m'timagulu tace. Kagulu kali konse kanali ndi asilikari akuda osapitirira 200, Azungu owerengeka, ziwaya ziwiri kapena kuposa, ndi amtengatenga ace-ace, kotero kuti kanali kutha kuyenda ndi kumenya pa kokha popanda kudikira thandizo. Msilikari wakuda anali kulandira malipiro abwino ndi ulemu woposa wa anthu wamba, ndipo anali kuloledwa kulanda za m'midzi. Koma akalakwa cikoti cinali pafupi. Ambiri anayenda ndi akazi ao ndi ana ao m'nkhondo monse.

Popeza zombo za Angelezi zinatseka nyanja, ndipo zombo ziwiri zokha za katundu ndizo zinapyola, Ajeremani anadzipangira zambiri: kwinini wocokera ku makungwa a mitengo, nsapato za zikopa, ndi nsaru za thonje la m'dzikomo. Sitima yao ya nkhondo, Königsberg, itamizidwa m'matsiriro a mtsinje wa Rufiji mwezi wa Julayi 1915, anazula mizinga yace khumi, naiika pa magareta, ndipo amuna mazana-mazana anaikoka ndi zingwe m'mapiri ndi m'madambo.

Mtolo wa mtengatenga

Nkhondo ya m'dziko lopanda miseu iyenda pa mitu ya anthu. Akavalo, abulu ndi ng'ombe zinali kufa ndi kashembe m'masabata owerengeka, ndipo magalimoto anali kutitimira m'matope nthawi ya dzinja. Cotero thumba liri lonse la ufa ndi bokosi liri lonse la zipolopolo linafuna khosi la munthu.

Wowerenga ayese yekha masamu awa. Mtolo wa mtengatenga unali wolemera mapaundi 60, ndipo ulendo wa tsiku unali ngati mamailosi 15. Munthuyo anali kudya mapaundi awiri ndi theka pa tsiku. Akasenza ufa, ndiye kuti m'masiku 24 wadya mtolo wace wonse, asanapereke kanthu kwa msilikari ndiponso asanayambe ulendo wobwerera. Tsono kucokera pa njanji ya ku Broken Hill ndi Ndola kufikira ku malire a kumpoto panali mamailosi oposa 500. Cifukwa cace panafunika anthu osenza cakudya ca anzao osenza cakudya, ndipo msilikari mmodzi wa kutsogolo anali kudalira unyolo wautali wa amuna a m'midzi. Pofuna kupeputsa bvutoli boma linatsegula njira ya mabwato, yocokera ku mtsinje wa Luapula, yopyola madambo a Bangweulu, yokwera Chambeshi kulinga ku Kasama. Koma ngakhale mabwato mazana-mazana sanathetse njala ya amtengatenga.

Northern Rhodesia nthawi imeneyo inali kulamulidwa ndi British South Africa Company. Panali patapita zaka 16 zokha cigonjetsere Angoni a Mpezeni m'caka ca 1898, ndipo tsopano boma lomwelo linapempha ana a Angoni, Acewa, Ansenga ndi Akunda kuti alisenzere nkhondo yace. Poyamba ena anapita mwaufulu pofuna ndarama ya msonkho. Koma mbiri ya imfa itafika m'midzi amuna anayamba kuthawira m'mapiri, ndipo boma linapanikiza mafumu ndi anyakwawa kuti apereke ciwerengero cimene lafuna. Mfumu inakhala pakati pa moto uwiri: ikakana idzacotsedwa, ikabvomera anthu ace adzaida. Ku Nyasaland amuna ngati 200,000 anagwira nchito ya umtengatenga, ndipo ngati 19,000 anakhala asilikari. Kumeneko John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala mwezi wa Novembala 1914, kudandaula kuti osauka a Afrika ali kufera mlandu umene suli wao, ndipo mwezi wa Januwale 1915 anaukira boma.

Adani akuru a mtengatenga sanali zipolopolo ai, koma kamwazi, malungo, cibayo, nthomba ndi matekenya. Munthu wozolowera nsima ya cimanga kapena ya mapira anali kupatsidwa cakudya cacilendo, kawiri-kawiri cosapsa bwino. Pa mapiri ozizira a kumpoto kwa nyanja ya Nyasa amuna obvala kansaru kamodzi anali kugona pa mvula, ndipo m'mawa ena sanali kudzuka. Kumudzi nako minda inacepa, pakuti otema mitengo ndi osula mphanje anali kutari.

Kusakidwa kwa gululo

Mwezi wa Febuluwale 1916 Kazembe Jan Smuts wa ku South Africa anatenga utsogoleri wa nkhondo ya Angelezi, nalowa kucokera ku Kenya ndi gulu lalikuru. Asilikari a Belgium analowa kucokera ku Congo, nalanda Tabora mwezi wa Sepitembala. Kumwera Kazembe Edward Northey anaoloka malire pakati pa nyanja za Nyasa ndi Tanganyika mwezi wa Meyi, ali ndi asilikari a King's African Rifles a ku Nyasaland, apolisi a Northern Rhodesia, ndi ena a ku Southern Rhodesia ndi South Africa. Iye analanda Neu Langenburg, umene lero uchedwa Tukuyu, kenaka Iringa ndi Songea. Dar es Salaam nayenso anagwa mwezi wa Sepitembala.

Mizinda ndi njanji zinalandidwa, koma gulu lenileni silinagwidwe. Nthawi iri yonse Smuts akaponya khoka, von Lettow anali kumenya tsiku limodzi kapena awiri pa malo odzisankhira yekha, nazemba usiku kulowera kumwera, nasiya milatho yogwetsedwa ndi minda yopululidwa. Asilikari acizungu a ku South Africa anagwa ndi malungo ndi kamwazi, ndipo pakutha kwa 1916 zikwi zambiri anabwezedwa kwao. Pamenepo Angelezi anazindikira kuti nkhondo ya m'Afrika ifuna ana a Afrika. Magulu a King's African Rifles, amene anali atatu poyamba, anafika 22 m'caka ca 1918. Kuyambira nthawi imeneyo nkhondoyo inakhala makamaka ya anthu akuda kuombera anthu akuda anzao, yense pansi pa mbendera ya mlendo wace.

Nkhondo yoopsya koposa inacitika pa Mahiwa, kumadzulo kwa Lindi, kuyambira 15 kufikira 18 Okutobala 1917. Angelezi anathamangira maenje a Ajeremani mobwereza-bwereza, nataya anthu ngati 2,700 mwa 4,900, akufa ndi olasidwa. Von Lettow anataya oposa 500. Pa masamu iye ndiye anapambana, koma zipolopolo zace zinatsala pang'ono kutha, ndipo cakudya m'dera limenelo munalibe. Cotero anasiya odwala ndi ofoka kuti Angelezi awatole, nasankha olimba okha: Azungu ngati 300, asilikari akuda ngati 1,700, ndi amtengatenga ngati 3,000.

M'dziko la Apwitikizi

Pa 25 Novembala 1917 gululo linaoloka mtsinje wa Rovuma nililowa m'Mozambique. Tsiku lomwelo linagwera linga la Apwitikizi pa Negomano, niliphwanya m'maora owerengeka, nilitenga mfuti zatsopano, ziwaya ndi zipolopolo zocuruka. Kuyambira pamenepo mdani ndiye anakhala nkhokwe yace. Miyezi khumi linayendayenda m'dziko la Ayao, Amakua ndi Alomwe, kulanda maboma ang'ono-ang'ono, pamene magulu a Angelezi anali kulilondola kucokera ku nyanja ya Nyasa ndi ku nyanja yamcere.

Eni dziko ena poyamba analandira Ajeremani bwino, cifukwa ca kuwawa kwa ulamuliro wa Apwitikizi. Caka comweco ca 1917, m'cigwa ca Zambezi kumwera kwa Chadiza, anthu a ku Barue pamodzi ndi Atawara, Ansenga ndi Acikunda anali ataukira Apwitikizi cifukwa ca cibalo ndi kugwidwa umtengatenga, ndipo cipanduco citathyoledwa ambiri anathawira m'maiko a Angelezi. Koma amene anayembekeza cipulumutso kwa Ajeremani anakhumudwa msanga. Gulu la anthu zikwi zisanu losalima lidya za wolima. Pofika pamudzi linali kukokolola nkhokwe, mbuzi ndi nkhuku, ndi kugwira amuna kuti asenze zolandidwazo, nthawi zina atamangidwa cingwe m'khosi kuti asathawe. Otsata pambuyo nao anali kufuna cakudya ndi amtengatenga pamudzi womwewo.

Kumayambiriro kwa Julayi 1918 von Lettow anafika pa Namacurra, pafupi ndi Quelimane, nathyola Apwitikizi ndi asilikari a King's African Rifles amene anali kusunga nyumba za katundu. Ambiri othawa anamira mu mtsinje. Koma pa 30 ndi 31 Ogasiti, pa Lioma, anakomana ndi asilikari a ku Nyasaland amene anakumba maenje nakana kusuntha. Magulu ena atafika kudzathandiza, Ajeremani anapulumuka mwa mwai, atataya akapitao, asilikari ndi katundu wambiri. Ophunzitsidwa aja tsopano anali atafanana ndi aphunzitsi ao. Nthenda ya cifuwa ndi nthomba zinalowanso m'gululo, ndipo pa 28 Sepitembala 1918 linaolokanso Rovuma kubwerera kumpoto.

Masiku otsiriza m'Northern Rhodesia

Angelezi anayesa kuti mdani wao alinga ku Tabora, nakonzeka kumchingira kumeneko. Koma iye anapyola pafupi ndi Songea, nazungulira kumpoto kwa nyanja ya Nyasa, nakhotera kumadzulo. Kumayambiriro kwa Novembala anaombera boma la Fife, pafupi ndi pamene pali Nakonde lero, koma apolisi a Northern Rhodesia analimba. Iye sanataye nthawi. Analambalala natsata mseu wa ku Kasama, umene unali ndi nkhokwe za nkhondo zodzazidwa ndi thukuta la amtengatenga. Mkuru wa boma la Kasama, Hector Croad, anasamutsa Azungu ndi katundu amene anatha kunyamulidwa, nabwerera ku mtsinje wa Chambeshi, ndipo Ajeremani analowa m'Kasama popanda wowaletsa. Patsogolo pao panalibe gulu lalikuru lowachinga kufikira ku njanji.

Ku Ulaya mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembala 1918, koma m'chire la Lubemba munalibe wodziwa. Pa 12 Novembala anamenyanabe ndi King's African Rifles kumpoto kwa Kasama, ndipo m'mawa mwace otsogola ao anaombera pa dooko la Chambeshi. Tsiku lomwelo anagwira mthenga wa Angelezi wokwera njinga yamoto, napeza m'thumba mwace lamya yonena kuti nkhondo yatha. Pa 14 Novembala von Lettow anakomana ndi Croad pa Chambeshi, nalandira mau onse a pangano. Analamulidwa kupita ku Abercorn, ndipo pa 25 Novembala 1918 anapereka gulu lace kwa Kazembe Edwards: Ajeremani 155, asilikari akuda 1,168, ndi khamu la amtengatenga, akazi ndi ana. Boma limene gululi linayamba kuliombera m'caka ca 1914 ndilo linaona kutha kwace.

Zotsala m'mbuyo

Von Lettow anabwerera kwao, ndipo mwezi wa Malici 1919 anayenda pa kavalo m'miseu ya Berlin anthu ali kupfuula mokondwa. M'caka ca 1920 anathandiza ofuna kugwetsa boma la dziko lace, nacotsedwa usilikari. Anamwalira ku Hamburg m'caka ca 1964, caka cimene Zambia analandira ufulu. Asilikari ace akuda anatsekeredwa m'misasa ku Tabora, kumene ena anafa ndi fuluwenza, ndipo otsala anadikira zaka zambiri malipiro ao. Ndarama zotsiriza zinaperekedwa kwa nkhalamba zocepa m'caka ca 1964. Dziko lija linagawidwa: Tanganyika kwa Angelezi, Rwanda ndi Burundi kwa Belgium.

Kodi colinga cace cinakwaniritsidwa? Kunena zoona, iye anasautsa adani ocuruka kopambana anthu ace, ndipo sanagwidwe kufikira tsiku lotsiriza. Luso lace ndi kupirira kwa asilikari ace palibe angazikane. Koma nkhondo ya ku Ulaya sinasinthe cifukwa ca iye, pakuti kuyambira 1917 ambiri omsaka anali ana a Afrika amene sakadatumizidwa ku France. Cimene cinasintha ndi midzi. Ku mbali ya Angelezi kunafa asilikari ngati 11,000, ambiri ndi matenda, koma amtengatenga akufa anali ngati 95,000, mwa amuna ofika miliyoni amene anasenza katundu. M'dziko la Ajeremani lija anthu wamba ngati 300,000 anafa ndi njala ndi matenda otsata nkhondo. Ngakhale Ludwig Deppe, dotolo amene anayenda ndi gululo, anabvomera pambuyo pace kuti m'mapazi mwao munatsala njala ndi imfa. Pamwamba pa izi, kumapeto kwa 1918 nthenda ya fuluwenza inayenda m'njira zomwezo za amtengatenga, nifika m'midzi pamodzi ndi obwerera kwao. Akuru anati nkhondo simanga mudzi. Iyi inapasula ndi midzi imene sinaione ndi maso.

Pafupi ndi ulalo wa Chambeshi pali cikumbutso, comangidwa m'caka ca 1953, cosonyeza malo amene von Lettow anamva za kutha kwa nkhondo, ndipo pambali pace pali mzinga wa masiku amenewo. Ku Mbala kuli cikumbutso cina, ca amtengatenga 1,467 a Northern Rhodesia amene anafa pa nchitoyo. Dzina la kazembe wa Ajeremani lidziwika m'maiko ambiri, koma maina a amene anasenza nkhondoyo pamutu asungidwa makamaka m'mitima ya mabanja ao. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Chadiza amene watsiriza sukulu, nadziwa kugwira colembera, angacite bwino kukhala pansi ndi agogo a pamudzi pace, ndi kufunsa kuti ndani wa pfuko lao anapita ku Ciwaya, anasenza ciani, ndipo anabwera kapena anatsala m'njira. Zimene agogowo anamva kwa makolo ao zikalembedwa, mbiri ya nkhondoyi idzakhala ndi eni ace.